Fupa limamva uthenga wa m'magazi

Ambirife fupa timalidziwira m'mbale ndiwo zikatha, kapena pa chithunzi cha chigoba cha munthu m'buku la sayansi la ku pulayimale. Konseko timaliona litauma gwa, ndiye timaganiza kuti la m'thupi mwathu nalonso ndi lotero: munthu akangokula, mafupa ake amakhala momwemo mpaka kumanda, pokhapokha galimoto kapena mtengo wa mango utamuchita chipongwe.

Charles Martell anali kaputeni wa sitima zapamadzi zonyamula katundu ku America, mwamuna wamtali pafupifupi masentimita 185. Asanakwanitse zaka 30 anayamba kufupika. Miyendo inapindika, chifuwa chinatukuka, mafupa ankathyoka pa zinthu zosayenera kuthyola fupa, ndipo m'mkodzo mwake munkatuluka timiyala. Pamene Eugene DuBois, dokotala wa pachipatala cha Bellevue ku New York, ankamuyeza mu 1926, n'kuti Martell atafupika ndi masentimita pafupifupi 18. Mafupa ake ankasungunukira m'magazi n'kutuluka ndi mkodzo. DuBois anaganiza kuti wolakwa sanali fupalo, koma tiziwalo tinayi tobisala kuseri kwa chithokomiro pakhosi, totchedwa parathyroid, kalikonse kosaposa njere ya mpunga. Tiziwaloti ndi tating'ono kwambiri moti m'thupi la munthu tinadziwika mochedwa, mu 1880, pamene Ivar Sandström wa ku Uppsala ku Sweden anatifotokoza.

Martell anatumizidwa ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston. Anamuchita maopaleshoni a pakhosi mobwerezabwereza osapeza chotupa cha parathyroid chimene ankachifunafuna. Iye mwini, potopa ndi mpeni, anayamba kuwerenga mabuku a kapangidwe ka thupi m'laibulale ya ku Harvard, n'kuumirira kuti amutsegule pachifuwa. Mu 1932, pa opaleshoni yachisanu ndi chiwiri, Edward Churchill ndi Oliver Cope anapeza chotupacho kuseri kwa fupa la pachifuwa. Zinali zitachedwa, impso zinali zitawonongeka kale ndi miyala ija, ndipo anamwalira patangopita milungu yowerengeka.

Chimene chinamudya Martell chimachitika mwa ife tonse tsiku lililonse, kungoti pa mlingo wake. M'fupa muli maselo ogumula ndi maselo omanga, ndipo magulu awiriwa sapuma. Pa chaka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mafupa a munthu wamkulu limagumulidwa n'kumangidwanso. Kashiamu wa m'thupi, yemwe amakwana pafupifupi kilogalamu imodzi, amasungidwa m'mafupa ndi m'mano, magawo 99 pa 100 alionse. Kagawo kotsalako, ka m'magazi, ndi kamene mtima, minyewa ndi minofu zimadalira, ndipo thupi silikalola kutsika. Fupa ndi nkhokwe ya banja: m'nyumba mukasowa ufa anthu amapita kukatapa, osayamba afunsa ngati nkhokweyo ikhalabe yodzaza. Wotumidwa kukatapa ndi homoni ya parathyroid. Mwa Martell chotupa chinkatuma homoniyi usana ndi usiku popanda woiuza kuti yakwana.

Mmodzi mwa madokotala achinyamata amene anamuona Martell ku Boston anali Fuller Albright, wobadwa mu 1900 ku Buffalo, yemwe anaphunzira ku Harvard n'kukasulidwanso ku Vienna ndi katswiri woyeza ziwalo za odwala, Jakob Erdheim. Ntchito ya moyo wake wonse inali funso limodzi: kodi mahomoni amalamula bwanji fupa?

Pali chithunzi chimene timakhala nacho cha munthu wofufuza za sayansi, cha mkulu wovala gauni loyera amene tsiku lina nzeru zimangomugwera. Ntchito ya Albright inalibe ulemerero umenewo. Pachipatala chija panali wodi yaing'ono yotchedwa Ward 4, imene inatsegulidwa mu 1925 kuti izichitikiramo kafukufuku. Wodwala ankagonamo milungu kapena miyezi akudya chakudya choyezedwa pa sikelo, chofanana tsiku ndi tsiku. Mkodzo wake wonse ndi chimbudzi chake chonse ankazisunga n'kuziyeza kuti aone kashiamu ndi phosphorus amene watuluka. Akachotsera wotuluka pa wolowa, ankadziwa ngati mafupa akupindula kapena akuluza. Kenako ankamupatsa homoni n'kuyambiranso kuwerengera. Amene ankasenza mtolo waukulu wa ntchitoyi anali anamwino, okonza zakudya ndi ogwira ntchito m'labotale, anthu amene mayina awo sapezeka pa matenda alionse, pamene la Albright lili pa matenda angapo. Makina oyezera kulimba kwa mafupa amene zipatala zikuluzikulu zili nawo lero kunalibe.

Nzeru yake yotchuka kwambiri inachokera ku nkhunda. Mu 1934 Preston Kyes ndi Truman Potter ku Chicago anaona kuti nkhunda yaikazi ikatsala pang'ono kuikira, mkati mwa mafupa ake mumadzaza fupa latsopano, loti idzatapemo kashiamu wopangira chikamba cha dzira. Mwa nkhunda yaimuna munalibe zimenezi. Albright anayang'ana odwala ake amene msana unkagwa popanda chifukwa chodziwika, n'kuona kuti pafupifupi onse anali amayi osiya kusamba, ndipo ena anali aang'ono ndithu koma anachotsedwa mabasiketi a mazira pa opaleshoni. Mu 1940 ndi 1941 anafalitsa zimene anapeza: kufooka kwa mafupa kumeneku kunkatsatira kutha kwa homoni ya estrogen, ndipo amayiwo akapatsidwa estrogen thupi linkasiya kutaya kashiamu.

Mpaka pamenepo, kuwerama kwa agogo aakazi kunkaonedwa ngati ukalamba basi, chinthu chosafunsa. Ukalamba ulipo ndithu, koma si wokha. M'zaka zozungulira kusiya kusamba, mayi amatha kutaya pafupifupi magawo awiri pa 100 a fupa la msana chaka chilichonse, kwa zaka zingapo, asakumva kupweteka kulikonse. Timafupa ta msana timaphwanyika mwakachetechete, kamodzikamodzi, ndipo banja limangoona kuti amayi afupika. Albright anaphonyako pena: iye ankaganiza kuti maselo omanga ndi amene achita ulesi, pamene ofufuza a pambuyo pake anasonyeza kuti vuto lalikulu ndi maselo ogumula, amene estrogen ikachoka amagwira ntchito mopanda wowaletsa. Sikunalinso koona kuti yankho ndi kungomwetsa estrogen mayi aliyense. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative anaimitsa mbali yake ina mu 2002 atapeza kuti mapiritsi a estrogen ophatikiza ndi progestin ankachepetsadi kuthyoka kwa mafupa a m'chiuno, koma ankawonjezera khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi.

Kuno kwathu kuli chikhulupiriro china, ndipo ichi sichinayambire kumudzi koma m'mabuku a madokotala, chakuti kufooka kwa mafupa ndi matenda a azungu. Mu 1968 Louis Solomon anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu akuda a ku Johannesburg sankathyoka kawirikawiri fupa la m'chiuno poyerekeza ndi anthu a ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri mfundoyi inkabwerezedwa ngati kuti ikunena za Africa yense ndi nthawi zonse. Kafukufuku wa posachedwapa ku South Africa wapeza ziwerengero zokwera kuposa za Solomon. Sizodabwitsa. Anthu akukhala ndi moyo wautali, ndipo gogo amene wagwa pakhomo la bafa n'kugonekedwa m'nyumba mpaka kumwalira salowa m'kaundula wa chipatala chilichonse. Palinso zinthu za nthawi yathu ino zimene Solomon sakanaziwerengera. Kachilombo ka HIV kamachepetsa kulimba kwa mafupa, ndipo tenofovir, amene ali m'piritsi la ma ARV limene ambiri amamwa, amachepetsakonso pang'ono, makamaka chaka choyamba. Jakisoni wolera wa Depo amatsitsa estrogen, choncho fupa limachepa mphamvu pamene mayi akubayitsa, koma mbali yaikulu imabwerera akasiya. N'chifukwa chake bungwe la WHO silinaletse amayi kuugwiritsa ntchito. Zimenezi si zifukwa zotayira mankhwala opulumutsa moyo. Amene ndimawadera nkhawa kwambiri ndi omwe amadzigulira prednisolone kapena dexamethasone pa golosale n'kumamwa miyezi yambiri chifukwa cha mphumu, nyamakazi kapena kufuna kunenepa. Mankhwala amenewa ndi mahomoni, abale ake a homoni ya m'thupi yotchedwa cortisol, ndipo amafooketsa maselo omanga fupa mofulumira kuposa zonse ndatchulazi. Amene wawamwa nthawi yaitali sayeneranso kuwasiya mwadzidzidzi popanda adokotala.

Nanga amuna? Apa pali chikhulupiriro chimene ngakhale akatswiri anali nacho mpaka dzana lomweli: kuti estrogen ndi ya akazi, ndipo mafupa a mwamuna amalamulidwa ndi testosterone. Mu 1994 Eric Smith ndi anzake ku Cincinnati anafotokoza za mwamuna wa zaka 28, wamtali masentimita 204, amene ankatalikabe. Anatha msinkhu bwinobwino, ndevu anali nazo, testosterone yake inali yokwanira. Koma chithunzi cha X-ray chinasonyeza mafupa ooneka ngati a mnyamata wa zaka 15, ndiponso ofooka ngati a munthu wokalamba. Chinavuta n'chakuti maselo ake anabadwa opanda polandirira uthenga wa estrogen. Anamupatsa estrogen yambiri kwa miyezi isanu ndi umodzi, thupi silinamve kanthu. Posakhalitsa kunapezeka amuna ena a zizindikiro zofanana koma vuto losiyana: matupi awo sankatha kusandutsa testosterone kukhala estrogen, monga limachitira thupi la mwamuna aliyense. Awa atapatsidwa estrogen anasiya kutalika ndipo mafupa awo analimba.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa mmene mwana amatalikira. Chakumapeto kwa fupa lililonse lalitali, monga la ntchafu, kuli kachigawo kofewa ka chicherewecherewe. Maselo a pamenepo amaswana, amafufuma, kenako amasanduka fupa, ndipo mwendo umatalika. Pa nthawi yotha msinkhu, estrogen imayamba yafulumizitsa ntchitoyi, n'chifukwa chake mwana amaphuka mwadzidzidzi mpaka yunifolomu kumuchepera pakati pa temu, kenako estrogen yomweyo imatseka kachigawo kaja kosatsegukanso. Atsikana amayamba msanga ndipo amatsekedwa msanga. Mwana amene watha msinkhu asanafike nthawi yake amaposa anzake onse m'kalasi, makolo n'kumanyadira kuti adzakhala chimphona, koma amadzakhala wamfupi atakula chifukwa zitseko zinatsekedwa ulendo usanathe. Ndipo zikatsekedwa, palibe piritsi, ufa wa m'botolo kapena masewera odzikoka amene angawonjezere sentimita. Munthu wamkulu akachulukidwa homoni yokulitsa satalika. Zimene zimakula ndi zibwano, manja ndi mapazi.

Homoni yokulitsayo nayonso anthu amaipatsa mphamvu zimene ilibe. Imathandizadi ana amene thupi lawo siliipanga. Kuyambira mu 1958 ankaitenga m'kachiwalo ka pansi pa ubongo wa anthu omwalira, mpaka mu 1985 pamene zinadziwika kuti ena mwa olandira anatengeramo matenda oopsa a ubongo a Creutzfeldt-Jakob. Chaka chomwecho inayamba kugulitsidwa yopangidwa m'fakitale. Koma ana opinimbira a ku Malawi, omwe kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ndi 37 pa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, sakusowa homoni imeneyi. Mwana wosowa zakudya nthawi zambiri amakhala nayo yambiri m'magazi. Chimachitika n'chakuti chiwindi, poona njala ndi matenda obwerezabwereza, chimakana kumvera, sichipanga homoni yachiwiri yotchedwa IGF-1 imene imakalimbikitsa fupa kukula. Thupi limasankha kusunga moyo, msinkhu n'kuusiya. Ayodini wa mumchere nayenso ali ndi gawo, pakuti popanda iye chithokomiro sichipanga homoni yake, ndipo fupa la mwana limachedwa kukhwima.

Funso la kashiamu ndi limene linandichititsa chidwi kwambiri, chifukwa mayankho ake abwino anachokera ku Africa konkuno. Zimene timamva n'zakuti ukadya kashiamu wambiri mafupa amalimba kwambiri, ndiponso kuti mayi woyamwitsa amatha mafupa ngati samwa mkaka. Zoona zake n'zakuti mayi woyamwitsa amatayadi fupa, magawo asanu mpaka khumi pa 100 a fupa la msana m'miyezi isanu ndi umodzi, kaya adye chiyani. Bere lenilenilo limatulutsa homoni yofanana ndi ya parathyroid, estrogen imatsika, ndipo kashiamu amachoka m'mafupa kupita mumkaka. Mwana akaleka kuyamwa, fupalo limabwerera, mofulumira kuposa mmene mankhwala ambiri angachitire. Ku Keneba m'dziko la Gambia, kumene amayi akumudzi amadya kashiamu wa mamiligalamu 300 mpaka 400 okha pa tsiku, Ann Prentice ndi gulu lake la Medical Research Council anapatsa amayi oyembekezera mapiritsi a mamiligalamu 1,500 pa tsiku, ena n'kuwapatsa mapiritsi opanda mankhwala. Aliyense ankayembekezera kuti omwa kashiamu apindula. Zinatembenuka: pa nthawi yoyamwitsa, amene anamwa kashiamu aja ndi amene anapezeka ndi mafupa a m'chiuno ochepa mphamvu. Zikuoneka kuti matupi awo anali atazolowera kusunga kashiamu mwaumbombo, ndipo mapiritsi anasokoneza chizolowezicho kenako n'kutha.

Wina asathamangire kunena kuti ndiye kashiamu alibe ntchito. Ku Jos ku Nigeria, dzuwa lili ngwee chaka chonse, kunali ana ambiri a matewe, matenda amene mabuku a ku Ulaya amati amabwera chifukwa chosowa vitamini D wochokera ku dzuwa. Mu 1999 Tom Thacher ndi anzake anasonyeza kuti anawo ankachira bwino ndi kashiamu kuposa ndi vitamini D yekha. Ankadya kwambiri zakudya za chimanga, zokhala ndi kashiamu wochepa. Kwa ife phunziro lake ndi losafuna ndalama zambiri: usipa ndi matemba amene timadya ndi minga yomwe ndi kashiamu weniweni, ndipo mwana amene amathiridwa ufa wa usipa m'phala sakutsalira chifukwa choti kwawo kulibe ng'ombe ya mkaka.

Pa za kupola kwa fupa lothyoka, anthu amakonda kunena kuti pamene panathyoka pamalimba kuposa kale. Chimene amachikhudza pa mwendo ndi chotupa cha fupa latsopano chimene thupi limakulunga pa bala m'milungu yoyamba. Ndi chachikulu koma ndi fupa lomangidwa mothamanga. Pakapita miyezi kapena zaka, maselo ogumula ndi omanga aja amachisema mpaka pamalopo pafanane ndi fupa lina lonse, osaposa. Chodabwitsa chenicheni n'chakuti fupa limapola popanda chipsera, zimene khungu ndi mtima sizitha. Thupi limabwereza njira imene linamangira fupalo m'mimba mwa mayi: limayamba ndi chicherewecherewe, kenako n'kuchisandutsa fupa. Ntchito ya chikhakha ndi kungogwira zidutswa kuti zisagwedezeke ndiponso zikhale mowongoka. Cholumikiza ndi thupi lenilenilo. N'chifukwa chake aliyense amene anamangapo mwendo wothyoka ali ndi umboni wa anthu amene anachira, ndipo kusiyana kumaonekera pa kuwongoka kwa mwendowo ndi pa mabala amene fupa latulukira kunja. Fodya, matenda a shuga osasamalidwa ndi mankhwala aja a mtundu wa prednisolone zimachedwetsa kupola.

Ofufuza za kumeranso kwa fupa amachita nsanje ndi nyama za mtundu wa deer za ku Ulaya, Asia ndi America. Nyanga zake si zofanana ndi za mbawala zathu, zomwe zimamera kamodzi pa moyo. Za deer ndi fupa lenileni, limagwa chaka chilichonse n'kumeranso lonse, ndipo pa mitundu ikuluikulu limatha kukula masentimita oposa awiri pa tsiku. Nazonso zimatsutsa zimene munthu angaganize za homoni yachimuna. Nyangazo zimakula pamene testosterone ili yotsika. Ikakwera, kukula kumaima, khungu lokuta nyanga limafa ndipo fupa limauma kukonzekera ndewu za nthawi yokwerana. Ikatsikanso, nyanga zimagwa.

Homoni imodzi kuchita zinthu ziwiri zotsutsana, malinga ndi nthawi ndi mlingo: pamenepa ndi pamene pali mutu wa nkhani yonseyi, ndipo chitsanzo chake chachikulu ndi homoni ya parathyroid yomwe ija. Mu 1929 Walter Bauer, Joseph Aub ndi Albright anabaya makoswe homoniyi n'kuona kuti fupa la mkati lachuluka m'malo mochepa. Hans Selye anapezanso zofanana mu 1932. Zinali zosamveka, poti aliyense ankadziwa kuti homoniyi imagumula fupa, choncho nkhaniyo inagona kwa zaka pafupifupi 40. Inadzuka m'zaka za m'ma 1970, John Potts ndi anzake pachipatala chomwe chija cha ku Boston atadziwa kapangidwe ka homoniyi n'kupanga chidutswa chake m'labotale, ndipo Jonathan Reeve ku Britain atayamba kuiyesa pa odwala ochepa. Chinsinsi chinali nthawi. Homoniyi ikakhala yokwera m'magazi tsiku lonse, ogumula amapambana. Ikakwera kwa maola ochepa n'kutsika, monga zimakhalira ndi jakisoni mmodzi pa tsiku, omanga ndi amene amadzuka. Kafukufuku wa amayi 1,637 osiya kusamba, amene Robert Neer ndi anzake anafalitsa mu 2001, anapeza kuti jakisoniyu anachepetsa kuthyoka kwatsopano kwa mafupa a msana ndi magawo 65 pa 100. Kafukufukuyo anali ataimitsidwa msanga chifukwa makoswe amene anapatsidwa mlingo waukulu kwa moyo wawo wonse anadwala khansa ya m'mafupa, ndipo pamene boma la America linavomereza mankhwalawa mu 2002, pa dzina la teriparatide, linalamula kuti munthu asawagwiritse ntchito kupitirira zaka ziwiri.

Kuchokera pa makoswe a 1929 kufika pa mankhwala a 2002 panadutsa zaka 73, zoposa ntchito ya munthu mmodzi aliyense. Albright sanazione. Matenda a Parkinson anamugwira ali ndi zaka za m'ma 30, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imene tafotokozayi, kuphatikizapo buku lake la 1948 lonena za parathyroid ndi matenda a mafupa limene analemba ndi Edward Reifenstein, anaichita manja akunjenjemera ndiponso mawu akuvuta kutuluka. Mu 1956 anaumirira kuchitidwa opaleshoni ya ubongo imene inali ikungoyesedwa kumene, ngakhale madokotala anzake anamuletsa. Magazi anatayikira mu ubongo, ndipo anakhala zaka 13 osalankhula kapena kudzisuntha mpaka imfa yake mu December 1969. Lamulo la zaka ziwiri lija linafewetsedwa mu 2020, anthu amene analandira mankhwalawa atalondoledwa kwa zaka zambiri popanda kupezeka kuti khansa ya m'mafupa yawonjezeka pakati pawo.